Chinangwa cha Dailesi Chitakana Kufewa

Mukafika ku Liwaladzi n'kufunsa za Dailesi Mzomera, anthu sadzakufunsani kuti Dailesi uti. Adzangoti, "Oo, mwana wa sukulu uja?" kenako n'kukulozerani nyumba ya malata adzimbiri imene ili kuseri kwa mjigo. Koma musapite mukuyembekezera kamtsikana. Dailesi ndi mayi wa ana atatu, wamanja okhakhala, ndipo mwana wake woyamba anamupitirira kale msinkhu. Dzinalo anamupatsa momunyogodola, koma masiku ano mukamuitana nalo amayankha mano onse ali panja.

Kwawo kwenikweni ndi ku Mwansambo, kumtunda, kwa alimi a chimanga ndi mtedza. Ali mtsikana anali ndi mutu, abale. Anafika fomu thu, ndipo phunziro limene ankalikonda kuposa onse linali Bayoloje. Ankajambula mtima wa munthu pabolodi, mitsempha yonse m'malo mwake, mpaka anzake kumuombera m'manja. Kenako kunabwera mnyamata wina wa kunyanja, Maganizo, amene ankagulitsa usipa panjinga. Anali ndi pakamwa pokoma kuposa usipa wake. Zotsatira zake mukuzidziwa kale: mimba, misozi ya makolo, yunifolomu m'thumba. Akwawo kwa Maganizo sanathawe mlandu. Anabwera mwaulemu, anapereka malowolo monga mwa mwambo wawo, n'kumutenga Dailesi kukakhala naye kunyanja.

Banja la a Mzomera linachokera kumpoto kalekale, kutsatira nsomba, ndipo linabwera ndi miyambo yake yonse. Mwambo umodzi ndi wakuti ana ndi a kuchimuna. Wina ndi wakuti chakudya ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, zinazi n'zongopusitsa m'mimba. Dailesi anafika pamudzipo asanagwirepo chinangwa chowawa chibadwire. Amene anamuphunzitsa ndi apongozi ake aakazi, aNyaManda, mayi wamtali wosaseka pachabe, amene mpaka lero akakana chinthu amati "yayi" ngakhale akhala pakati pa Achewa moyo wawo wonse.

Ntchito yake simasewera. Chinangwa chowawa ukachidya chisanakonzedwe bwino chimazunguza mutu, chimasanzitsa, pena chimapha ndithu. Umachisenda, n'kuchiviika m'madzi, n'kuchisiya. Pakapita masiku angapo madzi amachita thovu, amayamba kununkha fungo lija limene alendo amatseka nalo mphuno, ndipo chinangwa chimafewa mpaka kuphwanyika ndi zala. Apo ndiye kuti kuwawa kwachoka. Umachivuula, kuchitsuka, kuchisinja, kuchiyanika pathandala, chikauma n'kupanga ufa. Dailesi anaphunzira akulira, koma anaphunzira. Patapita zaka, aNyaManda omwewo ankauza anzawo kutchalitchi kuti ufa wa mkazi wa Maganizo ndi woyera kuposa wawo. Kumuuza mwini wake pamaso ndiye yayi, zimenezo sankachita.

Kenako chinafika chaka cha kolera. Anthu a kunyanja safuna kuchikumbuka chaka chimenecho. Pakhomo pa a Mzomera matendawa anagwira awiri tsiku limodzi: bambo a Maganizo ndi Iness, mwana wamkazi wa Dailesi. Onse anakagona m'tenti ya kuchipatala, pamabedi aja oboola pakati. Iness anatuluka ali mafupa okhaokha koma akupuma. Agogo ake anatuluka atakulungidwa m'pulasitiki, ndipo aNyaManda sanaloledwe ngakhale kuwasambitsa amuna awo. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kugawa kulorini m'mabotolo, akuti muzithira m'madzi kuti tizilombo tife. Dailesi analandira botolo lake ndi manja awiri, n'kulumbira mumtima kuti madzi opanda mankhwala sadzalowanso pakhomo pake. Anasungadi lumbirolo. Madzi akumwa, otsukira mbale, osamba, okolopera, onse ankathira, ndipo dzanja lake linali lolemera. Pakhomo ponse pankanunkha chipatala mpaka eni ake anasiya kulimva fungolo.

Nsomba zitayamba kuvuta, Maganizo ananyamuka kupita ku Joni kukafuna maganyu. Asanakwere basi, Dailesi anamupempha chinthu chimodzi: kuti abwerere kusukulu, ya masana ija imene akuluakulu amalowa ana akaweruka. Maganizo anaseka, nati pita, bola ana azidya. Motero mayi wa ana atatu anayamba kuoneka masana alionse pamsewu wa tala, chitenje m'chiuno, makope m'jumbo, akupita kukakhala pabenchi limodzi ndi anyamata amene anawaona akubadwa. Azimayi a pamjigo ndi amene anamupatsa dzina lija.

Mavuto anayamba nyanja itakwera. Madzi anadza pang'onopang'ono, kumeza minda ya mpunga, kumeza mathandala a usipa, n'kumezanso maenje a m'mphepete mwa dambo m'mene azimayi ankaviika chinangwa chiyambire makolo. Aliyense anayamba kuviika kunyumba, wina m'mbiya, wina m'beseni. Dailesi anapeza mgolo wabuluu, nauika kuseri kwa khitchini pamthunzi wa mango. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa.

Anasenda chinangwa, nachiviika, nadikira. Masiku amene chinangwa chimafewa anakwana, chake chili gwa. Anawonjezera ena, chili gwa. Sabata inatha, chikungoyera mbee pansi pa madzi ngati chalowa dzulo. Anachitaya, nati mwina ndi mbewu yake. Anakumba cha m'munda wina, zomwezo. Ulendo wachitatu ufa utatheratu m'nyumba, anachita kuchisinja ndi mphamvu chili cholimba chomwecho, nachiyanika, naphika. Mwayi wake anayamba kulawa yekha. Chinawawa mpaka kukhosi, ndipo masana amenewo anasanza n'kugona pamkeka mutu ukuzungulira. Ana anakadya kwa Emelda, mlongo wake wa Maganizo, amene nyumba yake ili pafupi pomwepo. Ndipo Emelda ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko.

Tsono mvetsani bwino apa. Kwa aNyaManda ndi anzawo a msinkhu wawo, ntchito zina zimafuna munthu wodzisunga. Mkazi amene wagona ndi mwamuna amati ndi wotentha, osati kutentha kwa malungo ayi, koma kuja kumene kumaswa mbiya pamoto, kumawononga mowa, kumakanitsa chinangwa kufewa. Mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni amayenera kukhala wozizira. Nanga chinangwa cha Dailesi chikukana bwanji, pamene cha Emelda, cha munda womwewo, madzi a mjigo womwewo, chikufewa bwinobwino? Anthu sanavutike kuwerengera. Mkazi akuchoka pakhomo masana alionse, atasamba, atadzola. Kusukuluko kuli mphunzitsi wa Bayoloje, bambo Issa, amene dzina lawo silichoka pakamwa pake. Basi, nkhani inali m'kamwam'kamwa. Dailesi akafika pamjigo, azimayi ankangoti zii, n'kuyamba kuyang'ana ndowa zawo.

Bambo Issa enieniwo, mukanawaona mukanaseka. Kamunthu kakafupi, kadazi, kovala kofia yoyera, ka adzukulu kale, kamene kamapalasa njinga yolira ngati nkhanga. Koma miseche siyang'ana dazi.

Lolemba lina m'mawa aNyaManda anamuitana Dailesi kuseri kwa khitchini. Anapisa dzanja mumgolo, natulutsa chinangwa chimodzi, nachigogoda pamgolopo. Chinalira ngati mtengo.

"Make Iness," anatero, "ine ndakula, sindikufuna kukufunsani zambiri. Chinangwa sichinama. Lamulungu mwana wanga akaimba foni, ndimuuza zimene ndikuona. Sukulu ithe, ndipo inu mukapume kaye kwanu ku Mwansambo. Ana atsala, mukudziwa mwambo wathu."

"Amama, ine sindinachite kanthu," anatero Dailesi. "Mulungu akundiona."

"Ine si Mulungu. Ine ndikuona ichi." Anachiponya m'madzi muja, napita.

Dailesi anakhala pansi pomwepo. Anachita mantha, mantha enieni. Ankamudziwa Maganizo: ndi munthu wofatsa, koma mawu a amayi ake satsutsa, ndipo mwamuna amene ali kutali amakhulupirira msanga zoipa. Anaganiza za Iness, amene anamulanditsa kukamwa kwa imfa, akukula popanda mayi chifukwa cha chinangwa. Nayenso sankadziwa chimene chalakwika, moti pena ankayang'ana manja ake omwe mowakayikira.

Masana amenewo anatsala pang'ono kujomba. Koma anati ngati sabata ino ndi yomaliza, bola ndiimalize. Anasamba, natenga jumbo lake, nadutsa pamjigo maso ali kutsogolo.

Bambo Issa anali atamaliza za m'mene thupi la munthu limasungira kutentha kwake, thukuta kukatentha, kunjenjemera kukazizira. Tsiku limenelo anayamba mutu watsopano, wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Anafunsa kalasi kuti tizilombo timeneti timachita chiyani, ndipo aliyense anakuwa zofanana: kolera, chifuwa chachikulu, kutsekula m'mimba. Panalibe m'kalasimo amene sanaike maliro chaka chija.

"Zoona," anatero bambo Issa. "Koma mwangotchula zigawenga zokhazokha. Mudzi wake uti wokhala zigawenga zokha? Nanga amene amatupitsa mandasi ndani? Amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko ndani? Inu anthu a kondowole, chinangwa chanu amakufewetserani ndani?"

"Madzi, sala," anayankha Dailesi. Pa za chinangwa panalibe womuposa m'kalasimo.

"Madzi okha? Ayi, mayi Mzomera. Madzi ndi nyumba chabe. M'katimo muli antchito, tizilombo tabwino tochuluka kuposa anthu a dziko lino. Timabwera ndi chinangwacho, timadya, timaswana, n'kuchifewetsa kuti poizoni atuluke. Thovu lija ndi fungo lija ndi umboni wakuti ntchito ili m'kati. Ndipo popeza tilibe thupi lodzitenthetsa lokha ngati ife, madzi akazizira timachita ulesi. N'chifukwa chake mu Juni chinangwa chimachedwa." Anatembenukira kubolodi. "Chabwino. Nanga tizilombo timafa ndi chiyani?"

"Moto!" anakuwa wina.

"Kulorini!" anakuwa mnyamata wa kumbuyo.

Bolopeni ya Dailesi inagwa pansi, ndipo sanaitole. Anauona mgolo wake wabuluu ngati uli pamaso pake. Kudambo kuja sankathira kanthu, ndani angathire mankhwala m'dambo? Koma mgolo unali pakhomo, ndipo madzi a pakhomo onse ankalandira mankhwala. Sizokhazo. M'mawa uliwonse madzi akangoyamba kuchita kathovu kapena kafungo, mtima wake unkabwerera kutenti kuja, ndipo ankawakhuthula, kutunga ena, n'kuthira kulorini wosayeza n'komwe. Palibe anamuona, chifukwa ankachita anthu asanadzuke, ndipo iye sankaziona ngati nkhani yoti n'kuuza munthu.

Kukawafunsa aphunzitsi paokha akaweruka sakanatha, mawindo a sukulu ali ndi maso. Choncho anakweza dzanja pomwepo, pamaso pa ana onse.

"Sala, nanga munthu atamathira kulorini m'madzi oviikamo chinangwa? Wambiri. Tsiku ndi tsiku, akusintha madzi."

Bambo Issa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ameneyo ndiye kuti akulemba antchito madzulo, m'mawa n'kuwapha onse, kenako n'kumadabwa kuti munda sukulimidwa." Kalasi inafa ndi phwete. Dailesi nayenso anaseka, koma misozi ili m'maso, ndipo bambo Issa anaona kuti funsolo silinali la mayeso. Anatsitsa mawu. "Koma musakhulupirire ine. Tengani ndowa ziwiri, ina muthire, ina musathire, muziike padzuwa kuti madzi afunde. Chinangwa chidzakuuzani chokha. Kulorini ndi wa madzi akumwa ndi osamba m'manja, kumeneko musasiye. Chinangwa chimakauma padzuwa, ufa wake n'kukalowa m'madzi owira, ndiye musaope."

Dailesi sanayende pobwerera, anachita kuthamanga, jumbo likumumenya m'chiuno. Anawapeza aNyaManda akusadzula chigwada pakhonde, nagwada, nawafotokozera zonse mpweya uli m'mwamba. Iwo anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Tizilombo," anatero pomaliza. "Tizilombo tabwino. Awa si aphunzitsi omwe aja amene akuuza ana kuti agogo athu anali anyani?"

"Sanatero, amama. Anati zamoyo zimasintha pang'onopang'ono, ngati m'mene nsomba za m'miyala zilili mitundumitundu koma kholo lake limodzi."

"Yayi, zimenezo n'zanu. Ine ndaviika chinangwa inu musanabadwe, sindinaonemo kachilombo."

"Ndiye tiyese, amama. Inu musende chanu, muviike nokha m'ndowa yanu, ine ndisayandikeko. Koma muzithiramo kulorini m'mawa uliwonse n'kumasintha madzi, m'mene ndimachitira ine. Changa ndiviika ndi manja angawa, osathira kanthu. Ngati vuto ndi manja anga, chanu chifewa, changa chikana."

Bambo Issa akanamva akanamudula mamalikisi, chifukwa iwo amaphunzitsa kuti poyesa zinthu umasintha chimodzi chokha. Koma Dailesi sankafuna mamalikisi, ankafuna ana ake. ANyaManda anaganiza kwa kanthawi. Ndi munthu wouma mtima, koma wokhota ayi.

"Chabwino," anatero. "Koma changa chikafewa, chanu n'kukana, musadikire foni. Muyambiretu kulongedza."

M'mawa mwake anakumba chinangwa cha mzere umodzi, nagawana. Ndowa ziwiri zinaikidwa pakati pa bwalo, padzuwa, pamene aliyense wodutsa akanaziona. Ya aNyaManda inali yofiira, ya Dailesi yachitsulo. Emelda anadzipereka yekha kukhala mlonda, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utadziwa kuti kwa a Mzomera kuli mlandu wa ndowa.

Mungaganize kuti chovuta chinali kudikira. Ayi ndithu. Chovuta chinafika madzi a m'ndowa yachitsulo atayamba kuchita mbuu, timathovu tikukwera m'mbali, kafungo kakutuluka. Dailesi anadzuka m'mawa, naima pamwamba pa ndowayo, ndipo thupi lake lonse linamuuza kuti khuthula. Madzi otuwa chonchi anawaona m'beseni pansi pa bedi la Iness. Sanadziwe n'komwe kuti walitenga liti botolo, anangozindikira lili m'manja, chala chili pachitsekero. Mutu unkadziwa zimene aphunzitsi ananena, koma mtima sunapite nawo kusukulu.

"Mukutani?"

Anali aNyaManda, atatuluka ndi botolo lawo kudzathira m'ndowa yofiira.

"Sindinathire, amama. Sindinathire." Anatsitsa botolo lija. "Koma ndikuopa. Ndikawaona madzi otere ndimaona Iness m'tenti muja. Ndimaona adada, amuna anu, atakulungidwa. Ndinalumbira kuti pakhomo pano sipadzalowanso zimenezija, ndiye ndikangomva fungo, dzanja limapita lokha."

ANyaManda anamuyang'ana, kenako anatambasula dzanja, natenga botolo lija, nakaliika m'nyumba mwawo pamwamba pa kabati. Pobwera anagwira ntchito ya ndowa yawo monga anapanganirana, kukhuthula, kutunga, kuthira. Koma tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, anamutumizira Dailesi mbale ya chigwada.

Lamulungu linafika. Anthu asanapite kutchalitchi, aNyaManda anatuluka atavala kale chilundu chawo cha chigwirizano, napinda mkono wa bulauzi. Emelda anali pomwepo, ndipo azimayi atatu anayi anapezeka kuti akudutsa mwangozi, ndowa zopanda madzi zili pamutu. Fungo la ndowa yachitsulo linali litafika kale kumsewu. Dailesi anaima chapatali, manja atagwira kumbuyo.

ANyaManda anayamba ndi yachitsulo. Anapisa dzanja m'thovu, natulutsa chinangwa, nachifinya. Chinaphwanyika, n'kutuluka m'mipata ya zala ngati phala, mtsitsi wa pakati n'kutsala wokha. Anatenga china, chimodzimodzi. Ananyema kachidutswa, nakaika palilime, nakalavula. Anasamba m'manja, napita pa ndowa yofiira, imene madzi ake anali oyera ngati akumwa. Anatulutsa chinangwa chawo, chosenda okha, choviika okha. Anachifinya, chili gwa. Anachigwira ndi manja awiri kuti achithyole, chinangoti tswa ngati chachiwisi.

ANyaManda anayang'ana chidutswa cha kumanja, nayang'ana cha kumanzere, kenako anakweza maso kwa azimayi aja.

"Mwe!" anatero. "Ndiye ine nkhalamba yamasiye, ndagona ndi ndani?"

Emelda ndi amene anayamba, kuseka mpaka kukhala pansi. Azimayi aja anagwirana mapewa, ndowa kugwa, wina akuti mayo nthiti zanga. ANyaManda nawonso anaseka, kuseka kwenikweni koonetsa chiseyeye, kumene anthu anali asanakuone chimwalirire amuna awo. Dailesi yekha ndi amene sanaseke. Anakhala pa mtondo, naphimba nkhope ndi chitenje, n'kulira ngati mwana. Sikunali kulira kwa chisoni. Chinthu chimene chinamukhala pachifuwa masabata onsewo chinali chitachoka, ndipo mpweya unkalowa mpaka pansi.

Foni inalira masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Dailesi anali akusinja chinangwa chija, chifukwa chofewa sichidikira, ngakhale pa Sabata. Anamva aNyaManda akulonjerana ndi Maganizo pakhonde, ndipo munsi unaima wokha m'mwamba.

"Eya, nkhani ija ndimati ndikuuze," anatero aNyaManda, mokweza dala kuti mawu afike kumtondo. "Ndi ya mkazi wako. Ine ndinamulakwira, mwana wanga. Ndinamuganizira zoipa, pamene iye amatitchinjiriza tonse pakhomo pano mpaka kupitirira muyeso. Zambiri akuuza yekha. Iwe chako n'chimodzi: mayeso ake akuyandikira, usamusokoneze ndi mafoni ako ataliatali."

Dailesi anatsitsa munsi pang'onopang'ono. Pa zaka zonse zimene anakhala pamudzipo anali asanamvepo aNyaManda akunena kuti ndinalakwa, kwa munthu aliyense, ngakhale kwa abusa.

Masiku ano mgolo wabuluu uja unachoka pamthunzi, uli padzuwa, ndipo umanunkha bwino lomwe. Botolo la kulorini linabwerera m'nyumba mwa Dailesi, koma limakhala pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa, ndipo amayeza ndi chitsekero monga ananenera alangizi. Akamadutsa pa mgolo m'mawa mtima umamudumphabe pang'ono, sanganame, koma amangouuza kuti khala pansi, anzathu ali pantchito. Azimayi a pamjigo amene ankamuthawa aja ndi omwe amabwera kudzamufunsa chinangwa chawo chikachedwa. Za mayeso musandifunse, zotsatira sizinatuluke.

Koma chimene Dailesi amakonda kufotokoza yekha ndi cha Lolemba lotsatira Lamulungu lija. Anali pathandala akuyala chinangwa chosinja, dzuwa litapendeka, ntchito ikadali yambiri, ndipo anali atavomereza mumtima kuti lero sukulu ajomba. Anangomva munthu akumulanda lichero kumbuyo. ANyaManda anamukankha pang'ono ndi chigongono, namupatsa kabotolo kotsekedwa bwino, kokulungidwa m'pepala la shuga. M'katimo munali madzi otuwa a m'ndowa yachitsulo ija.

"Mukawapatse aphunzitsi anuwo," anatero, maso ali pathandala. "Akuti ali ndi galasi loonera tinthu tating'ono. Mukationere, mudzandiuze m'mene tilili. Zaka zonsezi takhala tikundidyetsera ana, ine osatidziwa n'komwe."

Dailesi analandira kabotoloko ndi manja awiri, n'kungoima pomwepo.

"Mwaimiranji?" anatero aNyaManda, akuyala chinangwa ndi dzanja lawo lalitali. "Kasambeni, mwana wa sukulu. Ana ndiwaphikira ine."